NYALI YOBISIKA PA CIPUPA: KUWALA KOSATHOBWA M'MASO

Cilala ca 2024 ciri m'mitima ya anthu ambiri, pakuti madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa ndipo magetsi anasowa m'dziko lonse. Mabanja ambiri anagula sola ndi batire. Koma babu lolendewera pakati pa cipinda limathobwa m'maso, ndipo mwana wowerenga usiku amatopa msanga. Mankhwala ace ndiwo kubisa nyali kuseri kwa thabwa, kuti kuwala kuyambe kwagunda cipupa kusanafike m'maso.

Zofunika ndi izi: matabwa awiri, misomali, waya, swichi, fyuzi ndi nyali za LED zokhala ngati lamba, za mavoti 12. Nchito yoyamba ndiyo kupaka cipupa laimu, cifukwa cipupa coyera cimabweza kuwala, pamene cofiira cimakumeza.

Thabwa loyamba, la masentimita 10 m'lifupi, likhomedwa cogona ngati shelefu, masentimita 30 kunsi kwa siling'i. Laciwiri likhomedwa coimirira m'mphepete mwace kuti libise nyali. Lamba wa LED amatidwa pa kacitsulo ka aluminiyamu m'kati mwa ngalandeyo, pakuti citsulo cicotsa kutentha kumene kumafupikitsa moyo wa nyali. Lambayo adulidwa pa zizindikiro zace pokha.

M'nyumba yopanda siling'i kuwala kumatayikira ku malata. Motero mwini nyumba ayenera kuzondotsa ngalandeyo kuti kuwala kutsikire pa cipupa.

Lamba wamba amadya mawati 4.8 pa mita imodzi. Mamita 5 adya mawati 24, ndiwo maampu 2. Kuyatsa maora anai kucotsa 8Ah, ndipo popeza batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka, ya 20Ah ikwanira usiku umodzi.

Ngozi yaikuru ndiyo moto. Batire, ngakhale yaing'ono, itha kufiiritsa waya ngati mawaya awiri agundana. Cifukwa cace fyuzi ya maampu 3 iikidwe pafupi ndi batire pa waya wofiira, wopita ku cizindikiro ca (+). Mawaya apite m'kapaipi kuopa makoswe, ndipo akhale kutali ndi udzu wa denga.

Amene nyumba zao ziri ndi magetsi a ZESCO, a mavoti 230, asalumikize lambayo mwacindunji, cifukwa apsa nthawi yomweyo, ndipo magetsi otere amapha munthu. Pafunika kabokosi kotsitsa mphamvu kufika pa mavoti 12, ndipo nchito ya mawaya a m'cipupa isiyidwire katswiri wa magetsi. Zotsalazo munthu wodziwa kugwira sowo ndi nyundo atha kuzitsiriza tsiku limodzi, ana nawerenga madzulo omwewo popanda utsi wa koloboyi.