KODI KUFAFANIZA SNAPSHOT KUMABWEZA MALO PA DISIKI?

Anzanga amene tiri kuphunzira za kompyuta, pali cinthu cimodzi cimene cimanyenga anthu ambiri, ndipo ndati ndicilongosole m'magazini athu ano.

Virtual machine ndiyo kompyuta yokhala m'kati mwa kompyuta inzace. Pulogramu yochedwa VirtualBox, imene iri m'manja mwa kampani ya Oracle kuyambira caka ca 2010, imalola munthu kuyendetsa Linux m'kati mwa Windows. Disiki ya kompyuta ya m'katiyo si citsulo ai, koma fayilo imodzi yaikuru.

Munthu akafuna kuyesa cinthu cokaikitsa, amayamba wajambula snapshot, kuti zikaonongeka abwerere pamene anali. Pamenepo fayilo yaikuru ija imatsekedwa, ndipo zonse zatsopano zimalembedwa m'fayilo yaciwiri. Ziri monga mwana wa sukulu amene watseka kope lace, namalemba pa mapepala apadera zonse zokonza ndi zoonjezera. Masiku akamapita mapepalawo amacuruka, ndipo disiki imadzaza.

Tsono ambiri amayesa kuti kufafaniza snapshot ndiko kutaya mapepalawo. Iai! Kompyuta imayamba yakopera zonse za pa mapepala kulowa m'kope, ndipo ikatsiriza ndiye imawataya. Tiyerekeze kuti fayilo yoyamba iri ndi 20 GB, yaciwiri 6 GB. Mwa 6 GB imeneyi, 4 GB ndi zokonza zinthu zakale, 2 GB ndi zatsopano. Zikaphatikizidwa, zokonza zimalowa m'malo mwa zakale, koma zatsopano zimakulitsa fayilo yoyamba kufika 22 GB. Cotero malo amene mwapeza ndi 4 GB yokha, osati 6.

Taonaninso ici: pamene kukoperako kuli m'kati, fayilo yoyamba iri kukula koma yaciwiri ikalipo. Cifukwa cace musadikire kuti disiki idzaze ndi kukhosi, pakuti nchitoyi ingaime panjira posowa malo. Musazimitsenso makina isanathe, ngakhale icedwe. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kufafaniza kumasiyana ndi kubwerera ku snapshot. Wobwerera ndiye amene amataya mapepala aja, pamodzi ndi nchito yonse imene analembapo. Werengani bwino musanadine.

Nanga bwanji fayilo yaikuru siicepa ngakhale mutacotsa zinthu m'kati mwace? Ife a kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi tidziwa kuti nkhokwe siicepa cifukwa cakuti cimanga cadyedwa. Imaima pabwalo momwemo kufikira mwini wace ataiphwasula ndi kuiluka yaing'ono. Momwemonso fayiloyi: muyambe mwadzaza malo opanda kanthu ndi maziro, muzimitse virtual machine, ndipo pomaliza muipanikize ndi lamulo la VBoxManage modifymedium --compact.

Cotsiriza ndi ici: snapshot si posungira cuma. Fayilo yaciwiri siingagwire nchito popanda yoyamba, ndipo zonse ziwiri zikhala pa disiki imodzi. Disikiyo ikafa, zonse zapita. Nchito yanu ya Computer Studies muikopere pa fulashi, ndipo snapshot ikatha nchito yace muicotse msanga isanakule.

Wophunzira wa Fomu 4