Ophunzira Amene Anafikitsa Dandaulo ku Khoti la Maiko Onse

Ana inu, pezani nyanja ya Pacific pa mapu anu. M'menemo muli zisumbu zazing'ono zimene madzi akuzilanda pang'onopang'ono, cifukwa utsi wa malasha ndi mafuta ukutenthetsa dziko, ndipo nyanja ikukwera.

M'caka ca 2019, ophunzira 27 pa University of the South Pacific, m'dziko la Vanuatu, anali kuphunzira malamulo oteteza cilengedwe. Mphunzitsi wao anawapatsa nchito yofufuza m'mene lamulo lingathandizire anthu a kwao. Iwo analembera atsogoleri a zisumbuzo, napempha kuti nkhaniyi ikamveke ku khoti lalikulu la maiko onse, mumzinda wa The Hague. Boma la Vanuatu linabvomera, ndipo mu 2023 bungwe la United Nations linatumiza funsolo kwa oweruza.

Yankho linabwera pa 23 July 2025. Oweruza anati dziko liri lonse liri ndi udindo woteteza nyengo, ndipo lonyalanyaza udindowo lingauzidwe kulipira amene aonongeredwa.

Aphunzitsi, kambiranani ndi ana funso ili: ngati wina aipitsa mtsinje wa kwanu, mungakadandaule kwa yani?