Mwini Sikelo Ndani? Ulamuliro ndi Malonda ku Mitundu ndi ku Nathenje

Nyengo ya masika ikafika, miseu ya kumwera kwa Lilongwe imadzaza ndi ngolo za ng'ombe ndi njinga zosenza matumba. Ena amalunjika ku Mitundu, msika waukulu umene uli kupitirira sukulu ya zaulimi ya Bunda. Ena amatulukira ku Nathenje, pa mseu waukulu wopita ku Dedza. M'matumbamo muli chimanga, mtedza, soya ndi nyemba, ndilo thukuta la banja lonse kuyambira pa mvula yoyamba. Ulendo wonsewo umathera pa kanthu kamodzi kakang'ono, ndiko sikelo yopachikidwa pa nthambi kapena pa mitengo itatu m'mbali mwa mseu. Muvi wa sikeloyo ukaima, mlandu wa chaka chonse wagamulidwa, ndipo kawirikawiri mlimi alibe bwalo lina lokadandaulako.

Anthu ambiri amayesa kuti nkhani za ulamuliro nza ku Nyumba ya Malamulo kokha. Komatu funso limene anzeru a maiko onse akhala akulimbana nalo, lakuti munthu amaitenga kuti mphamvu yolamulira anzache, ndiponso angamdzudzule ndani akalakwa, limaoneka bwino lomwe pamsika. Wogwira sikelo ali ndi mphamvu pa mnzache. Mbiri ya dera limeneli m'zaka 100 zapitazi ndiyo mbiri ya manja amene akhala akulandirana sikeloyo.

Makolo a Achewa a kumeneku sanali alendo pa nkhani yotere. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wamkulu wa mvula kumene kunkakhala Makewana. Mafumu a pfuko la Aphiri anali ndi dziko ndi milandu, koma za mvula ndi nsembe zinali m'manja mwa Makewana ndi anthu ache, ndipo mfumu, ingakule chotani, inkatumiza mitulo kumeneko modzichepetsa. Mphamvu zonse sizinaunjikidwe m'dzanja limodzi. M'mudzi namonso mfumu siidzilonga yokha: amai akuluakulu a mbumba ndiwo amaloza woyenera kulowa dzina, ndipo pomlonga amamlangiza. Paja akale amati mfumu ndi dzala, kutanthauza kuti iyenera kulandira zonse zimene anthu adza nazo, zokoma ndi zonyansa zomwe. Pa bwalo imalankhula potsiriza, nduna ndi eni mlandu atatha kunena zao.

Sikelo ya Boma inadza ndi fodya. Cha m'ma 1920 Mzungu wina wa minda, A. F. Barron, anayamba kulimbikitsa anthu a m'midzi ya Lilongwe kulima fodya wa chikopa, ndipo ulimiwo unafalikira msanga. M'chaka cha 1926 Boma la Atsamunda linakhazika bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilemba maina a alimi, kuloza misika yogulitsira, ndi kudula msonkho pa fodya aliyense. Pa bungwelo panali akuluakulu a Boma ndi Azungu a minda. Mlimi wa m'mudzi, mwini fodya, analibepo mpando. Itatha nkhondo yachiwiri kunadzanso malamulo a malimidwe, ndipo anthu ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula. Nkhani imeneyi njofunika kuilingalira bwino. Mizere sinali uphungu woipa, ndipo umboni wache ngwakuti alimi a ku Mitundu akuunga mizere mpaka lero popanda kapitao woima kumbuyo kwao. Chimene anthu anadana nacho chinali kulamulidwa ndi munthu amene sanawafunse, amene sakanathanso kumchotsa. Ukali wa malimidwe unathandiza kwambiri kukokera anthu a m'midzi ku Congress, ndipo chitapita chisankho cha 1961 kukakamizako kunaleka.

Tsono sikelo inalowa m'manja mwa eni dziko. M'chaka cha 1962 kunabadwa Farmers Marketing Board, imene inasanduka ADMARC m'chaka cha 1971. Okalamba a ku Nathenje ndi ku Mitundu sanama akamakumbukira zokoma za masiku amenewo: msika unali pafupi ndi mudzi, mtengo unali umodzi wodziwika kwa onse, mbeu ndi feteleza zinkapezeka pomwepo, ndipo m'miyezi ya njala chimanga chinkagulitsidwa pa khomo lomwelo. Kuyambira 1968 nchito ya Lilongwe Land Development Programme, ya ndalama za World Bank, inaonjezera miseu, zitsime ndi ngongole za alimi m'chigwa cha Lilongwe.

Koma kuseri kunali kanthu kena kamene mlimi sankakaona. Sikelo ya ADMARC inkayeza bwino. Chimene chinapendekeka chinali mtengo. Bungwelo linkagula fodya ndi mtedza wa alimi aang'ono pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene linkagulitsira, ndipo phindu lalikulu la m'zaka za m'ma 1970 linakamanga minda ikuluikulu ya fodya ndi makampani. Mlimi wa m'mudzi sankaloledwanso kulima fodya wa bale, amene anali wa ndalama, kufikira chaka cha 1990. Palibe anathyola lamulo pochita zimenezi, pakuti lamulo lomwe ndilo linalola. Ndipo pansi pa chipani chimodzi, chimene chinakhazikidwa m'malamulo m'chaka cha 1966, panalibe nyuzi kapena phungu wofunsa kuti phindulo likunka kuti. Apa pakuoneka kuti chinthu chikhoza kukhala chololedwa koma chosalungama, ndi kuti Boma la eni dziko nalonso lisowa wolifunsa.

M'chaka cha 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbeu kwa alimi, ndipo misika yambiri yaing'ono ya ADMARC inatsekedwa. Pa 14 June 1993 anthu a dziko lino, pafupifupi awiri mwa atatu alionse, anasankha zipani zambiri, ngakhale kuti m'Chigawo cha Pakati ochuluka anafuna kukhala ndi chimodzi chomwecho. Malamulo aakulu a 1994, m'ndime ya 12, anaika poyera kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndi kuti wozigwira wangosungitsidwa, nazigwirabe pokhapokha anthu akumkhulupirira ndipo iye akuchita zinthu zache poyera. Ophunzira amati ganizo limeneli linamveka kwambiri ndi John Locke wa ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Koma mai aliyense amene anakhalapo pa kulonga mfumu angalizindikire popanda kumva dzina la Locke.

Mau amenewa anayesedwa msanga, ndipo anayesedwa ndi chimanga. M'zaka za 2000 ndi 2001 nkhokwe ya dziko, imene inali ndi matani oposa 160,000, inagulitsidwa pafupifupi yonse. A IMF anali atalangiza kuti ichepetsedwe, koma inapita yonse, ndipo china mwa chimangacho chinagwa m'manja mwa anthu amene anadzachigulitsanso pa mtengo wokwera njala itafika. Mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko liri pa ngozi ya njala, anthu a m'midzi ya m'Chigawo cha Pakati atayamba kale kudya gaga ndi mizu, ndipo ambiri anafa. Chinasiyana ndi kale nchakuti ulendo uno nyuzi zinalemba, mipingo ndi mabungwe anapfuula, ndipo bungwe lothana ndi ziphuphu linafufuza. Ufulu wofunsa unalipo. Chimene unalephera ndicho kufika nthawi yache, nkhokwe isanapululuke.

ADMARC sinabwererenso pa mphamvu zache zakale. Zaka zambiri inkatsegula misika mochedwa, alimi atagulitsa kale, kapena kutsegula yopanda ndalama. Ndipo m'chaka cha 2022 Boma linaimitsa nchito zache ndi kuchotsa anchito kuti liikonzenso. M'malo mwache munalowa ogula oyendayenda, amene anthu amawatcha mavenda.

Za mavenda payenera kunenedwa zoona mbali zonse ziwiri. Iwo amafika kumene galimoto ya Boma siifika, ndipo amalipira pomwepo, chimene chiri chachikulu kwa mai amene ali ndi mwana wodwala kapena wobwezedwa kusukulu. Ambiri a iwo ndi ana a m'midzi yomweyo, ogula ndi ndalama za amalonda aakulu a m'tauni, ndipo phindu lao pa thumba nlochepa. Koma njira zobera zimene ena amachita nzodziwika kwa mlimi aliyense: sikelo yopotozedwa mkati kuti thumba la makilogalamu 50 lizioneka lopepuka, ndowa yofutukulidwa pa moto kuti izimeza zambiri, ndi kugula mbeu zikali m'munda mu January ndi February, pamene mwini wache ali ndi njala ndipo sangakane mtengo uliwonse. Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards liri ndi udindo woyesa masikelo ndi kulanda onyenga. Malamulo alipo ndithu. Koma masikelo ngochuluka kopambana oyesa, ndipo mtengo wolengezedwa pa wailesi ulibe mano ngati palibe wina wogula pa mtengowo pafupi ndi mudzi.

Anthu a dziko lino asonyeza kuti akhoza kusintha Boma. Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019, ndipo mu June chaka chomwecho voti inasintha olamulira. Mu September 2025 inawasinthanso. Chimenechi si chaching'ono. Koma voti imadza kamodzi pa zaka zisanu, pamene sikelo imapachikidwa masika alionse, ndipo wogwira sikelo savoteredwa.

Mfumu ya m'mudzi, imene kale ikadaweruza nkhani yotere pa bwalo, nayonso iri pakati pa moto uwiri. Lamulo la mafumu la 1967 linapatsa Pulezidenti mphamvu yobvomereza ndi yochotsa mafumu aakulu, ndipo mafumu amalandira mswahala wa Boma. Pamene makuponi a feteleza anayamba m'chaka cha 2005, kulemba maina a olandira kunadzera kwambiri mwa nyakwawa, ndipo amene anali dzala la mudzi anasanduka wogawa chuma chosakwanira onse. Madandaulo a kukondera anachuluka m'dziko lonse, kotero kuti pofika 2020 Boma linayamba kugwiritsa nchito chiphaso cha unzika pogulitsa fetelezayo.

Njira ina inayesedwa pa Nathenje pomwepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, nkhokwe ya bungwe la alimi la NASFAM ya pamenepo inali imodzi mwa zoyamba za kumudzi kumene bungwe la Agricultural Commodity Exchange for Africa linayambitsa malisiti a mbeu. Mlimi ankatula matumba ache, mbeuzo nkuyezedwa ndi kupimidwa ubwino wache, iye nkulandira chikalata chonena kulemera kwache. Ndi chikalatacho ankatha kukongola ndalama pang'ono nkudikira kuti mtengo ukwere. Woyeza sanali wogula, choncho analibe chifukwa chopotozera muvi. Ndiko kulekanitsa mphamvu konga kwa ku Msinja kuja, koma pa thumba la chimanga. Bvuto lache linali lakuti kusunga kumalipiridwa, ngongole iri ndi chiongoladzanja, ndipo chaka chimene mtengo sunakwere wodikirayo ankaluza. Njirayi inakomera kwambiri alimi a m'magulu ndi a matumba ochuluka. Wa matumba atatu, amene akufuna ndalama ya sopo ndi mchere lero lomwe, amakankhabe njinga yache kunka pa mtengo uja wa m'mbali mwa mseu.