Madzi Otsalira Amanenepetsa Mbewu, Koma Chenjerani ndi Mchere

Inu alimi, mwaonapo nthochi ya kuseri kwa bafa ikunenepa kuposa zinzake. Tamvani tsono za anzathu a ku Israel, dziko la mvula yochepa.

Kumeneko madzi a m'zimbudzi ndi m'mabafa a mzinda wa Tel Aviv sawataya ai. Amawayeretsa pamalo otchedwa Shafdan, ndipo kuyambira 1989 amawatumiza m'mipope ku minda ya m'chipululu cha Negev. Matauni ena a dzikolo amachitanso chimodzimodzi. Madzi otere amakhala ndi chakudya cha mbewu chonga cha m'feteleza.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina amachotsa zonyansa, mchere wa m'sopo ndi wa m'zakudya nutsala. Dzuwa likaumitsa madziwo, mcherewo umakhalira m'nthaka. M'minda ina ya mapeyala ya dothi la makande, alimi anathirira zaka zambiri, kenaka zokolola zinayamba kutsika. Mchere unamata dothi, madzi osalowa bwino, mizu nisowa mpweya.

Nanga inu? Madzi a kubafa ndi ochapira thirirani mitengo ndi nthochi, osati ndiwo zamasamba. Muzisinthanitsa ndi madzi a pachitsime kuti atsuke mchere, ndipo manyowa asasowe. Mukaona zoyera ngati phulusa pamwamba pa dothi, kapena madzi akuchedwa kulowa pansi, lekani msanga, mukafunse Mlangizi wa Zaulimi. Nthakayo adzalimanso ana anu.