Dzuŵa ndi Maso a Wantchito

M'dera la Mfumu Kapichi ndi m'madera ena a boma la Thyolo, anthu ambiri amapeza chakudya chawo pothyola tiyi. Ntchitoyi imakula kwambiri kuyambira mwezi wa Disembala mpaka Epulo, ndipo wothyola amakhala padzuŵa tsiku lonse, dengu lili kumsana.

M'kuŵala kwa dzuŵa muli cheza china chosaoneka ndi maso chimene akatswiri amachitcha UV. Chezachi sichimveka kutentha pakhungu, ndipo chimakula mphamvu kuyambira 10 koloko m'maŵa mpaka 4 koloko madzulo. Kumalo okwera monga Thyolo chimaposa cha kuchigwa, ndipo chimapyola ngakhale mitambo yopyapyala.

Choopsa chake n'chakuti chimaononga pang'onopang'ono, munthu osamva ululu. Zaka zikapita, kamnofu kamayamba kumera pa choyera cha diso n'kumayandikira pakati. Chezachi chimafulumizanso ng'ala, nthenda imene imachititsa khungu anthu ambiri kuposa ina iliyonse pa dziko lapansi. Anthu achialubino ndiwo ali pa ngozi yaikulu, popeza zilonda za dzuŵa pankhope ndi pamilomo zimatha kusanduka khansa. Mu 2023 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 19,000 anamwalira ndi khansa ya pakhungu chifukwa chogwira ntchito padzuŵa.

Cheza chomwechi chimatulukanso m'moto wa makina owotcherera zitsulo, kaya m'fakitale ya tiyi kaya pamsika. Woyang'ana motowo popanda chotchinga samva kanthu nthaŵi yomweyo, koma pakapita maola 6 mpaka 12 maso amafiira, amatuluka misozi, ndi kuŵaŵa ngati mwaloŵa mchenga. Ngakhale wothandizira amene wangogwira chitsulo amavulala chimodzimodzi.

Kudziteteza sikulira ndalama zambiri. Chipewa cha mlomo waukulu, ngakhale choluka ndi mlaza, chimachepetsa kwambiri cheza chofika m'maso, ndipo chimaphimba makutu ndi khosi pamene kapusi amasiya poyera. Magalasi oyenera ndi olembedwa UV400. Akuda wamba amangokulitsa kamboni ka diso, cheza n'kuloŵa chochuluka. Wowotcherera asoŵa chishango chophimba nkhope yonse, osati chidutswa cha galasi lodetsedwa ndi utsi.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997 linaika udindo woteteza antchito pa olemba ntchito. Motero mwini esiteti ndi kapitawo wake ayenera kuona chipewa ndi chishango ngati zida za ntchito, monga dengu ndi sikelo.

Amene maso ake afiira kapena ayamba kuona mwachimbuuzi asathiremo mkaka wa m'mawere kapena madzi a zitsamba. Apite msanga ku chipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, koma diso lofa ndi mankhwala osayenera silibwereranso.