Nyale ya mabatire atatu

Kuno ku Mwanza magetsi akathima madzulo, mwana amene ali ndi mayeso mawa lake ndiye amavutika. Magetsi athu ambiri amapangidwa pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kudafika posauza.

Ine nyale ndimapanga ndekha. Timababu ta LED ndimazula m'tochi yakufa. Mabatire akuluakulu atatu a Tiger Head ndimawalowetsa m'kansungwi motsatizana, mutu wa limodzi kukhudza kunsi kwa linzake, waya mbali zonse ziwiri. Apa mpofunika kusamala. Atatuwo amatulutsa mavoti 4.5, pomwe kababu koyera kamafuna pafupifupi 3, ndiye pakati ndimaikapo resistor yochotsa m'wailesi yoonongeka. Popanda iyo kababu kamawala kwambiri kenako n'kupsa. Mwendo wautali wa kababu ndiwo umapita kumutu wa batire. Mukalakwitsa sikayaka, ingotembenuzani. Kumbuyo ndimamatako CD yakale kuti kuwala kugwere pabuku.

Koloboyi sindimufunanso m'nyumba. Mwana akawerengera koloboyi amadzuka m'mphuno muli bii ndi mwaye, ndipo pansi pa denga laudzu lawi lamoto si loseweretsa.

Ena amagwiritsa batire la foni la mavoti 3.7. Limagwira, koma likatupa lisiyeni. Musaliboole, limatha kuyaka. Mabatire otha, aja otuluka madzi, aikeni kutali ndi ana.