Kodi mumadziwa? Mbindikiro wa £2,285

Pa 24 Novembala 2021, dziko la South Africa linadziwitsa bungwe la WHO za mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid-19, womwe pambuyo pake unatchedwa Omicron. Malipiro a chilungamo chakecho? Pasanathe masiku atatu, Britain inatsekera zipata South Africa, Zimbabwe, Botswana, Namibia, Lesotho ndi Eswatini. Pa 28 Novembala, Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola nawo analowa m'kaundula wofiira wa mayiko otsekeredwa zipatawo.

Mlendo wamba wochokera m'mayikowa sankaloledwa n'komwe kulowa. Ololedwa anali nzika za Britain ndi Ireland, komanso amene anali ndi chilolezo chokhalako, koma nawonso akangotsika ndege ankapita nawo kuhotela yosankhidwa ndi boma kukabindikira masiku 10. Mtengo wake unali £2,285 munthu wamkulu mmodzi, ndalama yotuluka m'thumba mwake, kaya anabayitsa katemera kaya ayi. Taganizirani nesi wa ku Manchester amene anangobwera kumaliro ku Dedza! Ambiri amene anali atagula kale matikiti odzadyera Khirisimasi kumudzi anangogwira njakata.

Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo anali pulezidenti wa Malawi komanso wapampando wa SADC, anadzudzula ziletsozi kuti zinachokera pa tsankho lodana ndi Aafirika, osati pa sayansi. Britain inazichotsa pa 15 Disembala, Omicron atafala kale m'dzikomo.

Ndipo ku Netherlands anadzapeza Omicron m'zoyeza zomwe anatenga pa 19 Novembala, South Africa isanalengeze kanthu.